Finance and Revenue ya ku Burma: timu yotenga zikho imazimirira bwanji popanda woilira?

a Chisale (Zomba):
Akuluakulu, lero ndabwera ndi nkhani yakutali, mundipirire. Agogo anga aamuna adamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali m'gulu la King's African Rifles, ndipo mpaka tsiku lomwalira ankatchula chigwa cha Kabaw ngati malo a kuseri kwa phiri lathuli: matope ofika m'mawondo, misundu yokakamira m'miyendo, malungo osatha. N'chifukwa chake dzina la dzikolo, lomwe lero timati Myanmar, likangomveka ine khutu limaima.

Sabata ino ndakhala ndikufufuza za mpira wawo, ndipo ndakumana ndi timu yotchedwa Finance and Revenue. Inali ya unduna wa zachuma ndi misonkho. Kuyambira 1996 mpaka 2009 ligi yaikulu ya dzikolo inali m'manja mwa matimu a maunduna, pafupifupi onse a mumzinda umodzi wa Yangon: Commerce, Transport, Construction, Energy, Forestry, Defence, Home Affairs, kudzanso ya khonsolo ya mzindawo. Mwa onsewa, Finance ndiyo idatenga ligi kochuluka kuposa ina iliyonse, mpaka kukaimira dziko ku Asian Club Championship m'zaka za m'ma 1990 ndi ku mpikisano wa matimu a ASEAN (maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia) mu 2005. Myo Hlaing Win, womwetsa zigoli wodziwika wa timu ya dziko, adali wa kumeneko. Soe Myat Min, amene adadzakhala kaputeni, chimodzimodzi.

Kenaka mu 2009 kudabwera ligi yatsopano, matimu a maunduna n'kukankhidwira kunja, osewera awo abwino n'kumwazikira kwina. Chomwe chikundisowetsa tulo n'chakuti sindikupeza paliponse kuti anthu adadandaula. Bullets kapena Wanderers itachotsedwa mu ligi ndi kalata chabe, Blantyre angagone? Nanga iyi idatha bwanji mwakachetechete chonchi?

Yamikani (Johannesburg):
Madala, ine ndikumva koyamba kuti ku Myanmar kuli mpira woti n'kukambirana. Ndimangodziwa za asilikali ndi mayi aja Aung San Suu Kyi basi.

aphunzitsi a Mwale:
Mwana wanga Yamikani, khala pansi umve, chifukwa pamenepo mpamene pali chisoni chonse. Padali nthawi yomwe Burma ankaopedwa mu Asia yense.

Mpira udafika kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Amene amatchulidwa kuti adaubweretsa ndi James George Scott, mzungu wa ku Scotland yemwe ankaphunzitsa pa St John's College ku Rangoon, lero Yangon. Anthu akumeneko adali kale ndi masewera awo a chinlone, kampira kolukidwa ndi nsungwi zofewa komwe amakatambitsa ndi mapazi, mawondo ndi mutu atazungulira, osakagwetsa pansi. Choncho phazi lidali lozolowera kale.

Taona zomwe adachita atalandira ufulu mu 1948. Mendulo ya golide pa Asian Games mu 1966, atagonjetsa Iran 1-0 ku Bangkok. Golide winanso mu 1970, wogawana ndi South Korea atalepherana osagoletsana. Pa Asian Cup ya 1968 ku Iran adakhala achiwiri, kumbuyo kwa eni bwalo. Pa masewera a maiko a m'chigawo chawo adatenga golide kasanu motsatizana: 1965, 1967, 1969, 1971 ndi 1973. Timu yawo ya achinyamata idatenga chikho cha Asia kasanu ndi kawiri pakati pa 1961 ndi 1970. Mu 1972 adafika ku Olympics ku Munich, komwe adagonja 1-0 ndi Soviet Union, 1-0 ndi Mexico, n'kugonjetsa Sudan 2-0. Kumbukirani kuti Sudan ameneyo adali atangotenga chikho cha Africa mu 1970. Mphunzitsi wa zaka zimenezo, Sein Hlaing, adapatsidwa ulemu ndi FIFA mu 2004.

Tsono mverani ichi a Chisale. Pafupifupi zaka zonse za ulemererozi zidagwa mu ulamuliro wa Ne Win, amene adalanda boma ndi mfuti pa 2 March 1962 n'kuyamba kutenga mabanki, masitolo ndi makampani kuti akhale a boma. Munthu wamba wokhala ndi chuma choti n'kuyendetsera timu adasowa. Mpira udatsalira m'manja mwa maofesi a boma ndi asilikali. Kaputeni wotchuka wa nthawiyo, Suk Bahadur, wa mtundu wa Gurkha wochokera ku Nepal, adali msilikali. Ndiye tisanayambe kuweruza matimu a boma, tidziwe kuti golide yenseyu adapambanidwa ndi anthu olandira malipiro a boma.

Tembo wa ku Chipata:
Bert Trautmann nayenso anaphunzitsako Burma cha m'ma 1972, goloboyi uja wa Manchester City amene anamaliza fainolo ya FA Cup mu 1956 khosi lili lothyoka. Anatumizidwa ndi a ku Germany. Ndangoti ndiwonjezere pa mau a aphunzitsi.

Nangozo:
A Chisale, funso lanu landikumbutsa zinthu zomwe ndinaziona ndi maso anga, ndiye mundilole nditalikitseko.

Ndinagwira ntchito ku Yangon kuyambira chakumapeto kwa 2007 mpaka 2009, ndi bungwe lina la zaumoyo, pa nkhani ya TB. Dalaivala wathu anali bambo wachikulire wa imvi, munthu wofatsa, wosakamba zandale ngakhale pang'ono, koma mukangotchula mpira ankasanduka mnyamata. Tsiku lina Loweruka, nyengo yopanda mvula, anandiuza kuti tiyeni ndikakuonetseni komwe ndinakulira. Ananditengera ku Aung San Stadium, pafupi ndi siteshoni yaikulu ya sitima. Ankasewera a Finance ndi unduna wina.

Bwalolo ndi lalikulu, koma tinalowa ngati tikulowa m'tchalitchi Lachiwiri masana. Anthu anali apo ndi apo, azibambo ovala longyi, nsalu ija amamanga m'chiuno, akutafuna kun-ya, timtedza tokulunga m'tsamba, n'kumalavula malovu ofiira pa simenti. Mbali ina kunali kagulu ka anthu ovala malaya oyera ofanana, atakhala mwadongosolo. Bamboyo anandinong'oneza kuti amenewo ndi ogwira ntchito ku unduna, abwera pa lole ya ofesi. Chigoli chikalowa ankaomba m'manja, n'kukhalanso chete. Palibe ng'oma, palibe nyimbo, palibe wovula malaya. Ndinkamva bwinobwino goloboyi akukalipira otseka kumbuyo ake, ndinkamva ngakhale kugunda kwa nsapato pa mpira. Ndipo musaganize kuti mpirawo unali woipa. Anyamata a Finance ankapatsirana mwaluso, pansipansi, mwachangu.

Bamboyo anandilozera kumtunda, n'kundiuza kuti ali mnyamata m'zaka za m'ma 1960 ankafika m'mawa kudzaima pa mzere, ndipo osowa malo ankakwera m'mitengo ya kunja kwa mpanda.

Usiku womwewo tinadutsa pa malo omwera tiyi a m'mbali mwa msewu, aja okhala ndi timipando tatifupitifupi tapulasitiki. Magetsi anali atazima, jenereta ikulira, anthu atadzaza mpaka mumsewu, maso onse pa kawailesi kakanema kamodzi. Ankaonera Manchester United. Mnyamata wopereka tiyi ankadziwa mayina a osewera onse mpaka okhala pa benchi. Nditamufunsa kudzera mwa dalaivala kuti masana apambana ndani ku Aung San, anangoseka, sankadziwa n'komwe kuti kunali mpira.

Yankho langa ndi limenelo, a Chisale. Anthu sanasiye kukonda mpira. Koma munthu wogulitsa pamsika angachemerere bwanji timu ya ofesi yomwe imamudula msonkho? Angaimbe nyimbo yanji? Sikwawo, si mudzi wake, si mtundu wake, ndi dzina la pa chidindo.

a Chisale (Zomba):
Achemwali, zikomo. Zoti mumamva mau a goloboyi zandilowa mumtima. Ife pa bwalo la pano, ngakhale timu ya m'makwalala ikusewera, simungamve ngakhale wezulo.

Mbewe wa ku Ndirande:
Ndawerenga zonse, ndipo mayi Nangozo anena zoona za ochemerera. Koma nonse mukuyang'ana muli pa mpando wa oonera. Ndiloleni ndiyankhule ndili m'bwalo, chifukwa ine ndidasewerapo timu ya mtundu umenewo kuno kwathu.

M'zaka za m'ma 1980 ndidatengedwa ndi timu ya kampani ina ya boma. Tsiku lomwe ndidasaina sadandipatse ndalama ya m'manja ayi. Adandipatsa makiyi a nyumba ya zipinda ziwiri ndi kalata yoti ndine kalaliki wa ku sitolo ya katundu. M'mawa ndinkawerenga matumba ndi kulemba m'buku, ikakwana 12 bwana ankati anyamata a mpira nyamukani, basi ya kampani ikudikira. Ochemerera tidalibe ambiri, n'zoona. Azikazi athu, anzathu a kuntchito, ndi ana a m'malaini. Tikamasewera ndi matimu akuluakulu pa bwalo lathu lomwe, tinkakhala ngati alendo.

Chaka changa chachisanu bondo lidathyoka. Ndidagona m'chipatala milungu isanu ndi umodzi, malipiro akulowa mwezi ndi mwezi. Nditatuluka ndidabwerera ku buku langa la matumba, ndikutsimphina, ndipo ana anga anayi adaphunzira ndi ntchito imeneyo. Mnzanga yemwe tidakulira limodzi adapita ku timu ya anthu, dzina lake linkaimbidwa m'mabasi. Atavulala iye, nyimbo zidatha mwezi womwewo, adamwalira akugulitsa makala.

Ndiye mukamati timu ya unduna ilibe moyo, ine ndimaganiza za mnyamata wa ku Burma wochokera kumudzi, m'dziko lomwe boma lidafika pothetsa ndalama za mapepala usiku umodzi, anthu n'kudzuka ali chimanjamanja. Kwa iyeyo kusewerera Finance kudali kupeza khasu la moyo wonse. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Nyimbo za ochemerera sadyera nsima.

aphunzitsi a Mwale:
A Mbewe akunena za 5 September 1987, pomwe Ne Win adathetsa ndalama za mapepala za 25, 35 ndi 75 kyat (kyat ndiyo ndalama ya dzikolo) popanda kubweza kanthu, n'kudzatulutsa za 45 ndi 90. Chaka chomwecho dzikolo lidaikidwa m'gulu la maiko osaukitsitsa, ndipo mkwiyo wake ndi womwe udaphulika mu August 1988. Ndikugwirizana nanu kuti m'dziko lotero ntchito ya boma idali pobisalira.

Ndipo ndikuganiza kuti apa mpamene pali chinsinsi cha Finance. Maunduna onse ankalemba osewera ntchito, koma maunduna salingana. Pansi pa unduna wa zachuma pali a kasitomu ndi a misonkho. Mnyamata waluso akapatsidwa mwayi wosankha pakati pa desiki ya ku nkhalango ndi ya ku kasitomu, asankha iti? Timu yomwe ili ndi maudindo osiririka imatenga osewera abwino, ikatenga osewera abwino imatenga zikho, ikatenga zikho nduna imasangalala n'kuwonjezera maudindo. Gudumu limangozungulira lokha, osafuna ngakhale munthu mmodzi wolipira pa geti.

Nangozo:
Bambo Mbewe, sindikutsutsani ngakhale pang'ono, ndipo nkhani ya mnzanuyo yandikhudza. Ndimangofuna kuwonjezera kuti nthawi yomwe ndinali kumeneko malipiro a boma anali atatha mphamvu. Pa pepala dola imodzi inali pafupifupi 6 kyat, koma pamsika weniweni inkaposa 1,000. Anamwino omwe tinkagwira nawo ntchito ankachita maganyu madzulo kuti mwezi uthe. Ndiye khasu lomwe mukunenalo linalipo, koma linali litafupika kwambiri poyerekeza ndi m'zaka za Suk Bahadur. Osewera ankalowa m'bwalo akudziwa kuti anzawo a ku Thailand ndi Singapore akulandira zoti iwo sangazilote.

Tembo wa ku Chipata:
Kuno ku Zambia nkhaniyi timaidziwa bwino, koma pali kusiyana kumodzi komwe ndifuna muone. Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers, onse anali m'manja mwa migodi, ndipo migodiyo inali ya boma nthawi ya kampani ya migodi ya ZCCM. Kabwe Warriors inali ya njanji. Koma anthu anawakonda mpaka kufa, chifukwa timu inali ya tauni. Munthu wa ku Wusakile sankati ndikuchemerera kampani, ankati ndikuchemerera kwathu. Pomwe Green Buffaloes ya asilikali yatenga ligi kangapo, koma ochemerera ake simungawayerekeze ndi a Nkana.

Ndiye vuto la ku Burma silinali loti ndalama zichokera ku boma. Linali loti anaunjika matimu onse mu Yangon, n'kuwapatsa maina a maofesi. Mandalay, mzinda wachiwiri, mpando wa mafumu awo akale, unalibe timu yake mu ligi. Mukanakhala inu mukanatani?

aphunzitsi a Mwale:
A Tembo mwalasa. Umboni wake ulipo: kumeneko kudali mpikisano wina wa zigawo ndi maboma a dzikolo, woti Mandalay ikumane ndi Shan, Ayeyarwady ikumane ndi Yangon. Umenewo ndiwo anthu wamba ankaukonda, ndipo ndi komwe maunduna ankakasaka anyamata. Mwana akawala atavala yunifomu ya kwawo, unduna unkamutenga kupita naye ku Yangon, kumene ankasewera pamaso pa mipando yopanda anthu.

Koma ndisaike zonse pa maunduna. Chomwe chidapha mpira wa Burma kwambiri ndi kudzitsekera. Zaka zomwe South Korea, Japan ndi maiko a Aluya ankamanga mabwalo, kutumiza aphunzitsi kunja ndi kuyambitsa maligi olipira, Burma adatseka zitseko. Kwa zaka zambiri sankalowa n'komwe m'mipikisano yopitira ku World Cup. Timu yomwe inkalimbana ndi Korea mu 1970 idafika pokondwera ndi siliva wa SEA Games, masewera a m'chigawo aja, mu 1993, atagonja 4-3 ndi Thailand. Asian Cup ya 1968 ija ndi yokhayo yomwe adafikako mpaka lero.

Yamikani (Johannesburg):
Aphunzitsi, mwandipatsa manyazi ndi umbuli wanga, ndaphunzira. Koma ndifunse: mu 2009 chinachitika n'chiyani kwenikweni? Boma la asilikali lingangodzuka n'kulanda mpira m'manja mwa maunduna ake omwe? Ndinamvapo mphekesera yoti ankafuna kugula Man U, ndimayesa nthabwala za pa WhatsApp.

aphunzitsi a Mwale:
Si za pa WhatsApp ayi. Zidachokera m'kalata ya ofesi ya kazembe wa America ku Yangon ya mu 2009, yomwe idaululidwa ndi WikiLeaks, tsamba la pa intaneti loulula zinsinsi za maboma, mu December 2010. Malinga ndi kalatayo, mdzukulu wa Than Shwe, mkulu wa asilikali yemwe ankalamulira dziko, adalimbikitsa agogo ake kuti agule Manchester United ndi 1 biliyoni ya madola. Mkuluyo adaona kuti zioneka zoipa, pakuti mphepo ya Nargis idali itangopha anthu oposa 130,000 mu May 2008, ambiri akugonabe m'zisakasa. M'malo mwake adalamula anthu achuma oyandikana ndi boma kuti aliyense atenge timu imodzi ailipirire, iwo n'kumalandira makontrakiti, migodi ya miyala yamtengo wapatali ndi zilolezo zoitanitsira katundu kunja.

Umo ndi momwe idabadwira Myanmar National League, ndi matimu asanu ndi atatu. Yangon United idapita ku banja la Tay Za wa kampani ya Htoo. Kanbawza, yomwe idayamba kale mu 2005 ndipo lero ndi Shan United, idali ya Aung Ko Win wa banki ya dzina lomwelo. Yadanarbon ya ku Mandalay idali ya Sai Sam Tun. Padalinso Magway, Delta United, Okktha United, Southern Myanmar ndi Zeyar Shwe Myay. Mtsogoleri wa bungwe la mpira, Zaw Zaw, nayenso ndi mpondamatiki wa kampani ya Max Myanmar.

Tisaiwale kuti kusintha kwa mpira kotereku kunkachitika m'chigawo chonse. Bungwe la mpira la Asia linkakakamiza kuti matimu akhale makampani oima paokha. Ku Thailand nakonso ligi idali yodzaza ndi matimu a mabanki, a doko, a fodya ndi a magetsi. Timu ya bungwe la magetsi la m'zigawo, yomwe idatenga ligi mu 2008, ndiyo idasamukira ku Buriram n'kudzakhala Buriram United yomwe ikuopsa lero.

Mbewe wa ku Ndirande:
Ndiye mwaona? Sadachoke m'manja mwa boma. Adangochoka ku dzanja lamanja kupita ku lamanzere. Dzulo mwini timu adali nduna, lero ndi mnzake wa nduna. Kusiyana kwake n'kwakuti nduna inkapereka penshoni.

Nangozo:
Pa eni ake mukunena zoona, bambo Mbewe, ndipo anthu a ku Yangon ankadziwa bwino lomwe kuti ndalamazo zikuchokera kuti. Koma ndinalipo miyezi yoyambirira ya ligi yatsopanoyo, ndipo sindingabise zomwe ndinaona. Bwalo lomwe lija la mipando yopanda anthu linadzaza. Anyamata anadzipaka utoto kumaso, ena atanyamula mbendera, mabasi akuchokera kutali. Kunabwera osewera a ku West Africa, ndipo ine poyenda mumsewu ana ankandifunsa ngati ndili mlongo wake wa wosewera wakutiwakuti. Mpira weniweniwo sunasinthe kwambiri, osewera ambiri anali omwe aja a maunduna atangosintha malaya. Chinasintha n'chakuti pa malayapo panalembedwa dzina la kwawo kwa munthu.

Yadanarbon itatenga chikho choyamba, mnzanga wa ku Mandalay yemwe sankadziwa ngakhale lamulo la ofusayidi anabwera ku ofesi atanyamula maswiti a aliyense. Chaka chotsatira, mu 2010, timu yomweyo inatenga AFC President's Cup, chikho china cha bungwe la mpira la Asia, ine nditachoka kale.

Tembo wa ku Chipata:
Ndi zomwe ndimanena zija. Mudzi ndiwo ubweretsa anthu.

a Chisale (Zomba):
Komabe a Mbewe ali ndi mfundo yomwe sitiyenera kuidumpha. Timu yodalira munthu mmodzi wachuma imayenda malinga ndi thumba lake ndi ubale wake ndi olamula. Mwa matimu asanu ndi atatu aja, ena adasintha maina, ena monga Zeyar Shwe Myay adachokamo mu ligi patangopita zaka zochepa. Ndiye kaya ndi nduna kaya ndi mpondamatiki, siginecha imodzi ikwanira kuti timu ithe. Chomwe ndikuona n'chakuti ochemerera sadapatsidwepo umwini nthawi zonse ziwiri.

Zabwino zidaliponso, tisakane. Mu 2015 anyamata awo osaposa zaka 20 adafika ku World Cup ya msinkhu wawo ku New Zealand, ndi mphunzitsi wa ku Germany Gerd Zeise. Amenewo adali ana a ligi yatsopano.

Yamikani (Johannesburg):
Nanga pano zili bwanji, chilandireni boma asilikali kachiwiri?

aphunzitsi a Mwale:
Asilikali adalandanso boma pa 1 February 2021, ndipo mpira udalowa m'moto womwewo. Osewera angapo odziwika adakana kuitanidwa ku timu ya dziko. Mu May chaka chomwecho timuyo idapita ku Japan yopanda ena mwa akuluakulu ake n'kukagonja 10-0. Nyimbo ya fuko ikuimbidwa, goloboyi wa pa benchi Pyae Lyan Aung adakweza zala zitatu, chizindikiro cha otsutsa ulamuliro wa asilikali. Tsiku lobwerera adakana kukwera ndege, ndipo Japan idamulandira ngati wothawa kwawo.

Ndikaganiza za mnyamata ameneyu ndimabwereranso ku mau a a Mbewe. Wosewera wa unduna, wokhala m'nyumba ya boma, wodikira penshoni ya boma, akadatha kukweza zala zija? Nyumba yomwe imakufunditsa ndi yomwenso imakutseka pakamwa.

Mbewe wa ku Ndirande:
Aphunzitsi, pamenepo mwandigwira. Ife nthawi yathu tikauzidwa kuti mawa mukaima pa mzere ku bwalo la ndege kukalandira akuluakulu, palibe ankafunsa. Unkadziwa kuti makiyi a nyumba ali m'thumba mwako koma si ako. Sindikana.

a Chisale (Zomba):
Achemwali a Nangozo, funso limodzi lotsiriza. Bambo aja dalaivala, iwo ankachemerera timu iti? Finance itachoka mu ligi adanenapo kanthu?

Nangozo:
Kwawo kunali ku chigawo cha Ayeyarwady, kumathiriro a mtsinje, komwe Nargis inasesa kwambiri. Anataya abale angapo. Delta United, timu ya chigawocho, itabwera anagula malaya ake n'kumawavala mkati mwa shati ya ntchito, kolala yokha ikuonekera. Wa unduna uliwonse sanachemererepo, ankangopita ku Aung San chifukwa miyendo inazolowera njira.

Za Finance ndinawafunsadi, tsiku lomwe ankandiperekeza ku bwalo la ndege. Anakhala chete kanthawi, kenaka anayamba kutchula maina a osewera akale a timuyo, mmodzimmodzi, akuwerenga ndi zala pa chiwongolero. Ena anali atapita ku matimu atsopano. Ena, okulirapo, anatsalira ku madesiki awo. Anandiuza kuti mmodzi amamuona m'mawa uliwonse pa siteji ya basi atanyamula chitini cha mpunga, ndipo palibe amene amamuzindikira.

Mbewe wa ku Ndirande:
A Chisale, mudafunsa kuti adailira ndani. Yathu idatha m'zaka za m'ma 1990, kampani itagulitsidwa. Adatiitanira mu kantini Lachisanu masana, mkulu wina n'kuwerenga kapepala kosakwana mphindi ziwiri, n'kutiuza kuti tibweze nsapato ndi mipira ku sitolo. Amene adalandira katunduyo n'kumulemba m'buku ndidali ine ndemwe. Nyuzi sidalembe, wailesi sidanene.

Malaya anga a nambala 5 sindidabweze. Ali m'sutikesi pansi pa bedi, mayi a kunyumba amawatulutsa chaka ndi chaka kuwayanika kuti njenjete zisadye. Mwezi wa June tidaika goloboyi wathu ku Chiradzulu. Tidakumana asanu ndi awiri, ena ndi ndodo, wina adachokera ku Mzuzu pa basi ya usiku. Achibale atafuna kunyamula bokosi tidawapempha kuti atisiyire kuchokera pa nyumba mpaka pa mtengo wa mango, chifukwa mawondo athu sakadafika kumanda.